Pansi pa chikwama changa pakulendewera: ndiikepo chiyani kuti palimbe?

"Ndine mayi wa ku Senga Bay kuno ku Salima. Ndinaphunzira kusoka chaka chatha, ndipo pano ndimasoka zikwama za m'manja za chitenje. Zina ndimagulitsa kwa alendo obwera kunyanja, zina amagula ndi amayi anzanga a ku banki m'khonde. Vuto langa lili pansi pa chikwama. Chikakhala chopanda kanthu chimaoneka bwino, koma munthu akangoikamo foni, makiyi ndi botolo la madzi, pansi pamalendewera, ndipo ukachiika patebulo chimagwa. Ndinayamba kuikamo katoni ya sopo, koma kasitomala wina wandibwezera chikwama atachichapa. Katoni yafufuma, yanyenyeka m'kati, ndipo ikununkha. Ndili ndi makina opalasa okha ndi simbi ya makala. Kodi ndiikemo chiyani chimene sichingandidyere phindu lonse?"

Zikomo amayi chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale m'malo, pakuti vuto limeneli silikutanthauza kuti manja anu sadziwa kusoka. Chitenje ndi nsalu yopyapyala, yabwino kumanga m'chiuno ndi kuberekera mwana, koma payokha singanyamule botolo la madzi n'kukhalabe chiimire. Pa zaka zimene ndakhala ndikusoka ndi kuphunzitsa ena, pafupifupi aliyense woyamba kumene zikwama ndamuona akuthamangira katoni yomweyo, chifukwa ndi imene ili pafupi ndipo ndi yaulere. Makina anu opalasawo ndi simbi ya makalayo n'zokwanira pa zonse zimene ndikuuzeni pano.

M'kalata yanu muli mavuto awiri amene mwawamanga mtolo umodzi. Kulendewera kwa pansi ndi nkhani ina, kugwa patebulo ndi nkhani inanso. Pansi pamalendewera chifukwa palibe chinthu cholimba chogawa kulemera kwa katundu kuti kufike m'mbali zonse, ndiye botolo limakoka nsalu pamalo amodzi pamene lakhala. Koma kugwa kumachokera m'mbali mwa chikwama ndiponso m'kadulidwe. Tatengani chikwama chimodzi muchitembenuze muone. Ngati munangolumikiza nsalu ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, n'kusoka msoko umodzi pansi, chikwamacho chilibe pokhalira, ndipo ngakhale mutaikamo thabwa sichingaime. Chimafunika chikhale ndi pansi pakepake: kaya mudule chidutswa chapadera cha pansi n'kuchisokerera kuzungulira, kaya mutsine makona awiri apansi n'kusoka modutsa kuti pakhale bwalo la makona anayi. Pa chikwama cha m'manja chimene munthu aikamo botolo, m'lifupi mwa pansipo musachepere masentimita 8 kapena 10. Mukatha, sokaninso msoko wina pamwamba, kufupi ndi m'mphepete, kuzungulira pansi ponse. Lichero limalimba ndi mkombero, ndipo msoko wozungulirawu ndiye mkombero wa chikwama chanu.

Za katoni, isiyeni ndithu. Katoni ndi mapepala omatidwa ndi guluu, ndipo pakati pake pali timizere ta mphako. Imamwa madzi, ndipo ikangopindika kamodzi sibwereranso, mzere wopindikawo umakhala pomwepo mpaka kuthyoka. Kwanuko kunyanja sifunikanso kudikira kuchapidwa kuti iwonongeke. Chinyontho cha m'nyengo ya dzinja, mvula yokupezani muli pa kabaza pochokera pa Kamuzu Road, mchenga wonyowa pamene mlendo waika chikwama akusambira, botolo la madzi ozizira limene likuchita thukuta m'kati, zonsezi zimaifikira. Ikanyowa ili yotsekeredwa pakati pa nsalu siuma msanga, imachita nkhungu, ndipo ndilo fungo limene kasitomala wanu wamva. Mphemvu nazo zimakonda makatoni. Ntchito ya katoni pa malo osokera ndi kudulira mapatani basi.

Chinthu chilichonse chimene mukufuna kuika pansi pa chikwama chiyambe chayesedwa, ngakhale zimene ndikutchuleni ineyo. Dulani kachidutswa, kaviikeni m'beseni la madzi a sopo usiku wonse, m'mawa muone ngati kafufuma, kasuluka kapena kayamba fungo. Kenako kapindeni pakati ndi manja n'kukasiya, muone ngati kabwerera kapena kasiya mzere woyera. Pomaliza kaikeni padzuwa la masana pa lata kapena pa simenti. Dzuwa la mu Okutobala ku Salima mukulidziwa nokha, ndipo chikwama chimene chasiyidwa pa mpando wa galimoto yotseka magalasi chimapsa kuposa pamenepo. Chinthu chimene chapirira madzi, kupinda ndi dzuwa mukhoza kuchikhulupirira.

Maganizo anga ndi akuti musafunefune chinthu chimodzi choti chigwire ntchito yonse. Pansi pa chikwama pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi chofewa, chosokereredwa limodzi ndi chitenje, chimene chimapatsa nsalu thupi ndipo chimachapika. Chachiwiri ndi cholimba, chimene sichisokereredwa konse, chimangokhala m'kathumba kakekake ndipo mwini chikwama amachitulutsa akafuna kuchapa. Mavuto ambiri amene ndawaona amabwera pamene munthu watsekera chinthu cholimba m'kati mwa misoko moti sichingatulukenso.

Pa chofewacho, atelala ambiri amagwiritsa ntchito sitifu, ija timaika m'makolala a malaya ndi m'chiuno mwa buluku. Ilipo yamitundumitundu. Ina imaoneka ngati pepala ndipo imang'ambika mukaikoka, ina ndi yolukidwa ngati nsalu yeniyeni. Pa zikwama sankhani yolukidwayo, kapena yokhuthala ya m'chiuno, chifukwa yangati pepala ija imathetheka ikachapidwa kangapo. Mukapeza ya guluu, mbali yomatayo mudzaidziwa chifukwa imanyezimira kapena imakhala ndi timadontho tokhakhala mukaisisita ndi chala. Mbali imeneyo ndi imene imagona kuseri kwa chitenje.

Ndikhalitsepo pang'ono pa kamatidwe, chifukwa ambiri amanena kuti sitifu ndi yachabe pamene cholakwika ndi kasitidwe. Chapani chitenje musanadule. Chitenje chatsopano chimakhala ndi zolimbitsa za kufakitale zimene zimalepheretsa guluu kugwira, komanso cha thonje chimafupika pang'ono chikachapidwa koyamba. Mukamata sitifu pa nsalu yosachapa, tsiku limene kasitomala achape nsalu idzafupika koma sitifu ayi, ndipo pamwamba padzatuluka matuza. Dulani sitifu mochepera kusiyana ndi nsalu, kuti isafike m'malo amene mudutsitse msoko, apo ayi makona adzakhala onenepa ndipo makina adzavutika. Yalani kansalu konyowa pang'ono pamwamba, ikani simbi, tsindikani osaiyendetsa, werengani mpaka 10 kapena 15, inyamuleni muike pena. Mukaikwekwesa ngati mukusita malaya, sitifu imasuntha n'kukwinyika. Mukatha musainyamule nsaluyo mpaka itazizira, chifukwa guluu amagwira pozizira. Simbi ya makala ilibe poonera kutentha, ndiye yambani mwayesa pa chidutswa chotsala, ndipo uzirani phulusa musanayandikire nsalu. Palinso zitenje zambiri masiku ano zimene si za thonje lokhalokha, zoterera m'manja, ndipo zimenezo simbi yotentha kwambiri imazinyalitsa. Mukamata, dutsitsani mizere ingapo ya ulusi pachidutswa cha pansicho, kuti ngakhale guluu atadzatopa sitifu isachoke pamalo.

Ngati sitifu yabwino ikusowa kapena yakwera mtengo, pitani pa kaunjika. Mabuluku a jinzi akuluakulu amene ang'ambika m'mawondo, amene palibe akuwafuna, ali ndi nsalu yambiri yabwino kumbuyo kwa miyendo. Makatani okhuthala ndi nsalu za kanivasi nazo n'zabwino. Sanjikizani ziwiri kapena zitatu, ina ulusi wake woyenda chotalika ina chopingasa, n'kusoka mizere yotalikirana sentimita imodzi kuchoka uku kufika uko. Mudzadabwa mmene nsalu yofewa imalimbira ikasokedwa mizere yothithikana chonchi. Pa ntchito imeneyi chotsani singano ya nambala 14 imene mumasokera zitenje, ikani ya 16, kapena ya 18 ngati mwasanjikiza zitatu, ndipo talikitsani msoko. Pa zikwama zing'onozing'ono, zoikamo ndalama, foni ndi zodzola, jinzi yosokedwa chonchi ndi yokwanira, simufunikanso china. Choipa chake n'chakuti imachedwa kuuma m'dzinja, ndipo jinzi ina imasuluka, choncho ichapeni kaye musanaiphatikize ndi chitenje chowala.

Ena amaika matumba olukidwa a pulasitiki, aja a mpunga, shuga kapena feteleza. Saopa madzi ndipo sang'ambika wamba, koma amayoyoka m'mphepete, amachita phokoso chikwama chikamagwedezeka, ndipo simbi ikawakhudza amasungunuka. Ngati mwasankha amenewa, tengani amene munali chakudya, muwachape, muwatsekere pakati pa nsalu ziwiri. Siponji yopyapyala imene amagwiritsa ntchito okonza mipando imachititsa chikwama kuoneka chonenepa bwino ndipo imathandiza m'mbali kuti chiime, koma pansi sinyamula kanthu, imangobonyera katundu akalowa, ndiponso imasunga madzi. Yabwinopo ndi labala yofewa ija imene osoka nsapato amaika m'kati mwa nsapato, yofanana ndi ya patapata koma yopyapyala. Imeneyo simwa madzi, imadulika ndi sizasi ndipo ndi yopepuka.

Tsopano cholimba chija. Pa zonse zimene zimapezeka mosavuta ku Salima, ine ndimaika patsogolo chigubu cha mafuta ophikira. Zigubu zachikasu za malita 20 zija zili ndi mbali zafulati zimene mungadulemo zidutswa zingapo, ndipo chimene chabooka, chosatunganso madzi, mwini wake sangakuumireni mtengo. Pulasitiki yake siithyoka mukaipinda, imabwerera, siiwola, ndipo madzi alibe nayo ntchito. Mukayang'ana kunsi kwa zigubu zambiri mupeza kachizindikiro ka makona atatu kali ndi nambala m'kati. Nambala 2 ndi pulasitiki yotchedwa HDPE, nambala 5 ndi PP, ndipo zonse ziwirizi n'zoyenera ntchito yathuyi. Mabotolo a zakumwa, a nambala 1, asiyeni, chifukwa ndi opindika kale ndipo amakwinyika akatenthedwa. Pa chikwama chapakati, chigubu cha malita 5 chimakwana ndipo n'chopepukirapo. Pa tizikwama tating'ono tofuna kuuma pang'ono, chikuto cha pulasitiki cha mafayelo a muofesi kapena chivindikiro cha ndowa chimagwira ntchito. Mabeseni akale amene akhalitsa padzuwa ndimawakayikira, popeza amakhala atauma ndipo amasweka n'kusiya nsonga zakuthwa. Pindani kaye muone.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachite chibwana nacho. Musagwiritse ntchito chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo, mankhwala ophera udzu, mankhwala osambitsira ziweto, petulo, dizilo, parafini kapena asidi wa mabatire. Salima ndi dera la thonje, ndipo zigubu za mankhwala opopera m'munda zimapezeka m'makomo ambiri. Pulasitiki imasunga mankhwalawo, ndipo kutsuka ndi sopo sikuwachotsa onse. Taganizani zimene zimalowa m'chikwama cha mayi: chitumbuwa cha mwana, mpango wopukutira kumaso, mankhwala akuchipatala, kansalu ka khanda. Chigubu chimene simukudziwa chomwe munali, ngakhale akupatseni chaulere, chisiyeni. Mafilimu a X-ray amene ena amaika m'zipewa ndi m'zikwama nawonso sindiwalimbikitsa. Ndi opyapyala, m'mphepete mwake mumacheka nsalu, ndipo nthawi zambiri pamakhala dzina la wodwala.

Kakonzedwe kake kali chonchi. Dulani chigubu ndi sowo yodulira zitsulo, kapena pemphani mmisiri wokhoma zidebe akudulireni ndi sizasi yake ya malata. Sizasi yanu ya nsalu isakhudzeko, ingafe tsiku lomwelo. Tsukani zidutswazo ndi madzi otentha, sopo ndi phulusa, mbali zonse, mpaka chala chizilira mukachikwekwesa pamwamba pake. Yanikani padzuwa, kenako nunkhizani. Mafuta akatsalira pang'ono adzatulukira pa chitenje ngati banga losachoka, ndipo adzaitana nyerere. Chidutswa chikakhala chokhota, chiviikeni m'madzi ongophulidwa kumene kwa mphindi zingapo, chitulutseni ndi mthiko, chipanikizeni pakati pa matabwa awiri, ikani mwala pamwamba mpaka chizizire. Musachiwambe pamoto kapena kuchisita. Pulasitiki ya HDPE imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130, pamene simbi yositira thonje imafika cha m'ma 200, ndipo utsi wa pulasitiki yopserera si wabwino kuupuma.

Poyeza, yezani pansi pa chikwama chimene chatha kusokedwa, m'kati mwake, osati pa patani. Chotsanipo theka la sentimita mbali iliyonse. Ngati pansi pali masentimita 28 m'litali ndi 10 m'lifupi, pulasitiki ikhale 27 ndi 9. Ikakhala yothina imakankha misoko ndipo imadzikhotetsa, ikachepa kwambiri imayendayenda. Ndiye makona. Apa ndi pamene zikwama zambiri zimafera, chifukwa kona yosongoka imakhula nsalu tsiku ndi tsiku mpaka kuboola. Ikani chitsekerero cha botolo pa kona, jambulani mozungulira, dulani motsatira, kenako palani ndi sandipepa kapena khulani pa simenti yokhakhala. Yendetsani m'mphepete monse pa khungu la kuseri kwa dzanja lanu. Pamene pakukanda, pakandanso nsalu, bwerezani kupala.

Mukatero isokereni chovala chake. Tengani nsalu yofanana ndi ya m'kati mwa chikwama, sokani kathumba kokwana pulasitikiyo bwinobwino, mbali imodzi yaifupi musiye pakamwa popindira m'kati kuti izitha kutuluka. Kathumbaka kamateteza nsalu ya chikwama, kamaletsa makiyi ndi ndalama zachitsulo kulira pa pulasitiki, ndipo kasitomala akasuzumira m'kati amaona chitenje chokongola m'malo mwa chigubu chachikasu. Ngati nsalu ya m'katiyo ndi yoyera kapena yopyapyala, chikasu chimaonekera, ndiye sanjikizani ziwiri kapena sankhani yakuda. Kuti kasamatembenuke chikwama chikapendekeka, sokererani mbali imodzi yaitali ya kathumbako ku msoko wa pansi wa nsalu ya m'kati, kuti kazitseguka ngati chitseko koma osachoka. Njira ina ndi kusoka pansi pa nsalu ya m'kati pawiri, n'kusiya mpata mbali imodzi wolowetsera pulasitiki. Njira zonse ziwiri n'zabwino, koma yoyambayo ndi yosavuta kwa munthu amene manja akuzolowera kumene.

Musayese kudutsitsa pulasitiki ya chigubu pa makina anu. Singano ikhoza kuthyoka nsonga n'kukuthamangirani m'maso, ndiponso makina akhoza kusokonekera m'kati n'kuyamba kudumpha misoko. Ngati pali chifukwa choti pulasitiki imangike, boolani timabowo ndi msomali m'makona n'kumanga ndi singano ya pamanja.

Matabwa opyapyala sindiwaona kufunika pa chikwama cha m'manja. Hadibodi imafufuma ndi madzi ngati katoni yomwe, pulayiwudi imalemera ndipo imapweteka ikamamenya m'chiuno. Kapeti ya pulasitiki yoyala pansi m'nyumba imapinda mosavuta ndipo ina imanunkha ikatenthedwa. Mlaza wolukidwa ndi wokongola, ndipo ndikudziwa kuti alendo amaukonda, koma ukabisidwa m'kati mwa nsalu umachita nkhungu ukanyowa. Komanso maiko ena, monga Australia, amafufuza kwambiri zinthu zopangidwa ndi zomera pabwalo la ndege, ndiye mungapatse mlendo wanu vuto limene samaliyembekezera. Amayi ena, makamaka chakumpoto ku Nkhotakota kumene chinangwa n'chosasowa, amaviika nsalu m'phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kuti iume gwa. Pa tsiku logulitsa chikwama chimaoneka bwino zedi, koma kuuma kumeneko kumatha ndi kuchapa koyamba, ndipo kasitomala amaona ngati mwamupusitsa. Ndikukupemphani musatsate njira imeneyo.

Mukalimbitsa pansi, kumbukirani kuti anthu adzayamba kuikamo katundu wambiri, ndipo kulemera konse kudzapita ku zogwirira. Chogwirira chimene chinangolowetsedwa mu msoko wa pakamwa chidzazuka. Chitsitseni masentimita angapo pathupi la chikwama, sokani bokosi la makona anayi ndi mtanda pakati pake, ndipo kuseri kwake ikani kachigamba ka jinzi. Pa zikwama zazikulu zopita nazo kumsika, lamba adutse pansi penipeni n'kukwera mbali inayo, kuti katundu azikhala pa lamba. Kunja kwa pansi nakonso kumakhudza dothi, mchenga ndi simenti, choncho n'kwanzeru kuikako jinzi yakuda kapena kanivasi m'malo mwa chitenje chowala. Chikopa chabodza chija amakutira mipando chimapukutika mosavuta, koma chotchipa chimasupuka ndi kutentha. Timiyendo tachitsulo timene mumaona pansi pa zikwama za m'sitolo n'tokongola, koma totchipa timachita dzimbiri n'kudetsa nsalu, ndiye kwa panopa tisiyeni.

Chikwama chimene chabwezedwa chija chikhoza kukonzeka. Masulani msoko wa nsalu ya m'kati pamalo okwana dzanja, tulutsani zinyenyeswa zonse za katoni, chitembenuzeni, chichapeni ndi sopo, chiyanikeni padzuwa chili chotembenuza mpaka fungo lithe. Ngati nkhungu yasiya madontho akuda pa nsalu ya m'kati, isintheni. Kenako ikani pulasitiki ya m'kathumba ndipo mubwezereni mwini wake osamulipiritsa. Amayi anzanu a ku banki m'khonde amene anagula za katoni auzeni nokha asanachape, kuti abwere nazo muwasinthire. Mudzataya masana angapo ndi ulusi pang'ono, koma ndi anthu omwewo amene adzakubweretsereni makasitomala ena. Pogulitsa, tulutsani pulasitikiyo pamaso pa wogula, muonetseni mmene imachokera ndi mmene imabwerera, muuzeni aichotse pochapa ndi posita. Kwa alendo onjezani kuti akaichotsa, chikwama chimapindika n'kulowa m'sutikesi popanda kudya malo. Ambiri amasiya kugula zikwama zouma chifukwa chosowa pozilongedza.

Za phindu musade nkhawa kwambiri. Chigubu chimodzi chimatulutsa pansi pa zikwama zingapo, buluku limodzi la pa kaunjika chimodzimodzi. Chimene chimadya kwenikweni ndi nthawi yanu yotsuka, kudula ndi kupala, ndipo nthawi imeneyo muiwerengere pa mtengo. Patulani tsiku limodzi lokonza mapulasitiki ambiri nthawi imodzi, ndipo zikwama zanu zikhale za misinkhu iwiri kapena itatu yokhazikika, kuti chidutswa chilichonse chizilowa m'chikwama chilichonse cha msinkhu wake.

Pali malo amene ndi bwino kupempha thandizo. Misoko ikanenepa moti makina anu akulira kapena phazi lake likukana kukwera, musakakamize, pitani nayo kwa osoka nsapato kapena okonza mipando, amene ali ndi zisongole ndi makina amphamvu. Makina akayamba kudumpha misoko kapena kudula ulusi ngakhale mwasintha singano, itanani wokonza makina musanawawonongeretu. Mukafuna kumata labala ndi guluu wa nsapato, chitirani panja, kutali ndi mbaula ndi ana, chifukwa guluu ameneyu amayaka msanga ndipo fungo lake limazunguza mutu. Nsonga ya singano kapena kachidutswa ka pulasitiki kakalowa m'diso, musatikite kapena kuyesa kukachotsa nokha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mukadzalandira oda yaikulu, ya malo ogona alendo kapena ya msonkhano, kumene zikwama zonse ziyenera kufanana, kutolera zigubu sikudzakukwanirani. Pamenepo ulendo wa ku Lilongwe, m'masitolo ogulitsa nsalu ndi zipangizo za atelala a ku Area 2, umakhala woyenera. Tengani chikwama chimodzi chosokedwa kale kuti wogulitsa aone chimene mukufuna, ndipo ngati pali atelala anzanu ofuna zomwezo, sonkhani mugule pamodzi. Mukafuna kuphunzira kadulidwe ka zikwama mozama, funsani ku ofesi ya boma ya zachitukuko cha m'madera kapena ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za maphunziro a kusoka amene ali pafupi nanu.

Musanasoke zogulitsa, sokani chimodzi chanu motsatira njira imeneyi. Ikanimo botolo la lita imodzi, limene ndi kilogalamu imodzi ya madzi, pamodzi ndi zonse zimene mumayenda nazo, ndipo chigwiritseni ntchito sabata yathunthu, kumsika, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi pa kabaza pomwe. Kenako tulutsani pulasitiki, chichapeni, chiume, muibwezeretse. Yang'anani makona anayi aja m'kati ndi kunja, ndiponso pamene zogwirira zalumikizana ndi thupi la chikwama. Ngati pakati pakulendewerabe, pulasitiki yachepa mphamvu, sinthani muike ya chigubu chachikulu kapena sanjikizani ziwiri m'kathumba kamodzi. Ngati pansi pali bwino koma chikwama chikugwabe, onjezani sitifu kapena siponji yopyapyala m'mbali. Zikavutabe, ndilembereninso ndipo mutchule miyezo ya chikwamacho, kutalika, kufupika ndi kuya kwake, komanso nsalu imene mwaika m'kati.